Munda Ukupita ndi Mtsinje: Ayeze Ndani?

Mvula yagwa usiku wonse paphiri la Zomba, ndipo m'mawa uno mtsinje wa Likangala wafiira. Madzi ake akusenza mapesi, majumbo, ndi nthochi yozuka ndi mizu yomwe.

Pamlatho wina kumunsi kwa tauni, mtsikana wovala magambutsi wamangirira botolo kuchingwe. Akuliponya pakati pa mtsinje, akudikira lidzaze, akulikoka. Akulemba nambala pachivindikiro, nthawi m'kope, kenako akutenga botolo lina.

Amayi opita kumsika akucheuka. Akabaza akuchepetsa liwiro. Mkulu wina amene ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinjewu waima, khasu lili paphewa, kufuna kudziwa chimene mwana wa sukuluyu akusaka m'madzi oti ngakhale mbuzi singamwe.

Mtsikanayo akupinda mawondo mwaulemu, akuwapatsa moni agogowo, n'kuwaonetsa botolo loyamba lija. Matope ayamba kale kukhazikika pansi.

Iye sakufuna madzi. Akufuna dothi.

Ku labotale madziwa akasefedwa, zotsalira papepala zikaumitsidwa mu uvuni n'kuikidwa pasikelo. Akadziwa kulemera kwa dothi m'botolo limodzi, ndiponso kuchuluka kwa madzi amene adutsa pamlathopo, atha kuwerengera chonde chimene chasamuka m'minda ya kumtunda usiku umodzi wokha.

Iyi ndi ntchito ya wophunzira wa digiri yachiwiri, masitazi, pa kasamalidwe ka nthaka ndi madzi. Ndi maphunziro amene satchuka pamaukwati ngati udokotala kapena uloya. Komatu nsima, magetsi ndi madzi a m'mpopi m'dziko muno zapachikika pa mafunso amene anthu oterewa amayankha.

Matumba 580 pa hekitala

Kafukufuku amene boma lidachita pamodzi ndi nthambi za bungwe la United Nations adapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala pachaka, tikaphatikiza madera onse n'kugawa mofanana. Mu 1992 banki ya World Bank idaika chiwerengerochi pa matani 20.

Matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50.

Limene limapita ndi dothi la pamwamba lija, lakuda, lachonde. Feteleza amene mlimi adagonera pamzere amapita nalo limodzi. M'munda mumatsala nsangalabwi, zigwembe, ndi chimanga chachikasu chomasulira m'chiuno.

Dothilo silisowa ayi. Limakatulukira kwina, n'kukhala vuto la munthu wina.

La mu Likangala limakathera m'nyanja ya Chilwa, pamodzi ndi la mu Domasi, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya kale. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato a pa Kachulu adagona pamatope ong'aluka. Gwero lake ndi kuchepa kwa mvula, koma nyanja imene ikukwiririka chaka ndi chaka siichedwa kugonja dzuwa likakula.

La m'mapiri a Ntcheu, Balaka, Neno ndi Blantyre limatsikira mu Shire, n'kukadzaza madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Kampani ya EGENCO imataya ndalama zankhaninkhani kuvuula matope amenewa. A Blantyre Water Board amapopa madzi omwewo pa Walker's Ferry, ndipo madzi akada kwambiri, ntchito yowayeretsa imakwera mtengo.

Ku Lilongwe nkhani ndi yomweyo. Madamu a Kamuzu amadalira nkhalango ya Dzalanyama, imene idafika poti mu 2015 asilikali adatumizidwa kukailondera kwa ootcha makala.

Wodula mtengo ku Neno ndi wometa anthu ku Ndirande sadziwana. Koma magetsi akazima kasitomala atametedwa mbali imodzi, nkhani yawo ndi imodzi.

Maphunzirowa adakhazikika pamfundo yomweyi: nthaka ndi madzi sizisiyanitsika. Wofuna kusamala damu ayambire kuphiri.

Amaphunzira chiyani?

Kawirikawiri digiri yachiwiri imatenga zaka ziwiri. Chaka choyamba ndi cha m'kalasi.

Wophunzira amayamba ndi dontho la mvula. Likagwa, gawo lina limalowa pansi n'kukadyetsa zitsime ndi mijigo. Lina limathamanga pamwamba, lina limabwerera kumwamba ndi dzuwa kapena kudzera m'masamba. Phiri likametedwa, gawo lothamanga limakula, lolowa pansi limachepa. N'chifukwa chake mtsinje womwewo umasefukira mu Januwale n'kuuma mu Seputembala.

Amaphunzira dothi: la mchenga, la katondo, la makande, ndi mmene lililonse limagwirira madzi. Amaphunzira kuwerenga zithunzi za setilaiti n'kujambula mapu pakompyuta, kuti aone kumene nkhalango yatha ndi kumene anthu alima mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Amaphunzira kuyerekeza zam'tsogolo: mvula ikachepa chakutichakuti, damu ili litsala ndi madzi a miyezi ingati?

Koma masamu okha sakwanira. Pali malamulo a malo ndi a madzi. Pali zachuma. Palinso mikangano: mlimi wa kumutu kwa sikimu watseka ngalande kuti mpunga wake umwe, wa kumchira akulira. Woweta ng'ombe akufuna dambo limene wa dimba walitchinga. Mudzi ukuti malo ndi a makolo, kampani ikuonetsa pepala.

Chaka chachiwiri ndi cha kafukufuku. Wophunzira amasankha funso limodzi, n'kulilondola mpaka kumapeto. Wina ayeza mchere m'madzi a mijigo ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Wina afufuza chifukwa chimene ngalande za sikimu zikuonongekera makomiti alipo. Wina aone ngati akalozera, ngonyeka ndi udzu wa vetiva zikuchepetsadi kukokoloka kwa nthaka pamtsetse wakutiwakuti, ndipo ndi mlingo wotani.

Mapeto ake amalemba buku, n'kuimirira pamaso pa akadaulo kuliteteza. Pamenepo palibe zongomva. Chilichonse chimene wanena, aonetse pamene wachiyeza.

Makomo alipo

Kale wofuna maphunziro oterewa ankayenera kukwera ndege. Lero makomo alipo konkuno.

Koleji ya Bunda, imene idayamba m'zaka za m'ma 1960 ngati nthambi ya University of Malawi, kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR, ndipo kumeneko za dothi, ulimi wothirira, nkhalango ndi nsomba ndiye kwawo. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi likulu la kafukufuku wa madzi ndi ukhondo, komanso imaphunzitsa za kayezedwe ndi kasamalidwe ka malo. Ku MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, kuli mainjiniya a madzi. Ku Zomba, University of Malawi imaphunzitsa za chilengedwe, ndipo ku Thyolo yunivesite ya MUST ili ndi sukulu ya Ndata yoona za nyengo ndi za m'nthaka.

Kunja kwa malire, mgwirizano wa mayunivesite wa WaterNet wakhala ukuphunzitsa masitazi ya kasamalidwe ka madzi kudzera ku University of Zimbabwe ndi University of Dar es Salaam, ndipo Amalawi akhala akupita. N'zoyenera kutero, pakuti madzi sadziwa chitupa. Songwe timagawana ndi Tanzania, Ruo ndi Mozambique, ndipo Shire amakathira mu Zambezi.

Kope la dzulo, chisankho cha lero

Phindu la maphunzirowa silioneka tsiku lomwelo. Limaoneka patapita zaka, wina akatsegula kope la amene adayeza kale.

M'zaka za m'ma 1960, yunivesite itangokhazikitsidwa kumene, akadaulo ake adayamba kafukufuku wa nyanja ya Chilwa. Nyanja idaphwa iwo ali pomwepo, ndipo adaona ndi maso mmene matemba, makumba ndi milamba zidathawira m'mitsinje ndi m'madambo, n'kubwereranso madzi atabwera. Zimene adapeza zidatuluka m'buku la 1979 lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake. Ofufuza a pambuyo pake, monga Pulofesa Sosten Chiotha, adapeza poyambira. Lero tikudziwa kuti nyanjayi ikaphwa, maiwe a m'mitsinje yothiramo ndiwo nkhokwe ya mbewu ya nsomba, ndipo ayenera kutetezedwa.

Chitsanzo china chili pa Liwonde.

Mabuku akale amasonyeza kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja ya Malawi idatsika mpaka Shire adaleka kutulutsa madzi. Nthawi imeneyo kudalibe Nkula. Zitachitika lero, mizinda ingagone mumdima, mipopi ya ku Blantyre ingaume, nzimbe za ku Nchalo zingapse.

Pofuna kulamulira madziwa, mu 1965 adamanga zitseko za Kamuzu Barrage, zimene zidakonzedwanso zaka zapitazi. Mu 2024 nyanja idakwera kwambiri, n'kumiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja. A kumtunda adafuula kuti zitseko zitsegulidwe. A kuchigwa cha Shire adadziwa kuti madzi amenewo akathera m'midzi mwawo. Opanga magetsi ankaganiza za makina awo, ndiponso za chilimwe chimene chikubwera.

Aliyense adali ndi mfundo yomveka.

Bungwe la National Water Resources Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013, ndilo limayenera kugamula nkhani ngati imeneyi. Chigamulo chotere sichitheka ndi mtima wabwino wokha. Chimafuna munthu wodziwa kuti chitseko chikakwezedwa pang'ono pa Liwonde, madzi akafika liti ku Chikwawa, ndipo akafika pati.

Namondwe Ana adaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri a Soche, Chiradzulu ndi Mulanje, ndipo anthu oposa 1,000 adafa. Namondwe palibe angamutseke. Koma kudziwa mtsetse umene ungagumuke, khwawa limene madzi adzadutse, ndi malo amene sipayenera kumangidwa nyumba, zimenezo zimaphunziridwa.

Phunziro la malimidwe

Pali mbiri imene wophunzira aliyense wa nthaka ayenera kuidziwa asanavale magambutsi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi m'ma 1950, boma la atsamunda lidaona kuti nthaka ikukokoloka. Lidakhazikitsa malamulo okakamiza anthu kulima mizere yopingasa, kuunda milambala, ndi kuleka kulima m'mbali mwa mitsinje. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, ena ankamangidwa. Anthu ankangowatcha malamulowa kuti malimidwe, ndipo ankadana nawo kwambiri.

Mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, idauza anthu ake kuti asamvere malamulowa, ndipo atsamunda adaichotsa pampando. Pulofesa Wapulumuka Mulwafu adalemba mbiri imeneyi mwatsatanetsatane m'buku lake la Conservation Song.

Zina mwa zimene alangizi a nthawiyo ankanena zidali zoona. Mzere wopingasa umagwiradi madzi. Koma adabwera ndi chikwapu m'malo mwa funso. Sadafunse kuti ntchito yowonjezerayo aigwira ndani, kapena chifukwa chimene munthu akulimira pamtsetse pamene malo abwino adatengedwa ndi maesiteti.

Safunsa adadya phula.

Funso lomwelo likadalipo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mabanja ambiri akumidzi amalima malo osakwana hekitala imodzi. Mayi amene akulima mpaka pagombe la mtsinje akudziwa kuti gombelo ligumuka. Waliona likugumuka. Koma dimba limenelo ndilo limamupatsa masamba ogulitsa ndi chimanga chachiwisi m'miyezi ya njala. Wootcha makala naye akudziwa kuti mitengo ikutha, koma ogula ali m'tauni, ndipo ena mwa iwo ndi ophunzira omwewo.

Kadaulo amene adziwa kuyeza madzi koma osadziwa kukhala pamphasa ndi nyakwawa, wangophunzira theka.

Minga ya m'njira

Njira yopita ku masitazi ili ndi minga. Woyamba ndi ndalama. Ambiri amadzilipirira okha, masana ali kuntchito, madzulo ndi kumapeto kwa sabata ali m'kalasi. Fizi ndi chiyambi chabe. Kafukufuku amafuna mafuta a galimoto kapena njinga yamoto, mankhwala a mu labotale, ndi kenakake kopatsa omuthandiza kumudzi. Zipangizo zambiri zimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake idalumpha.

Opeza thandizo nthawi zambiri amalipeza kudzera m'mapulojekiti a mabungwe akunja, kapena migwirizano ngati RUFORUM. Thandizolo latula anthu ambiri pabwino. Koma mwini ndalama amabwera ndi mafunso ake, ndipo pulojekiti ikatha, kuyeza kumathanso. Mtsinje sungamvetsetseke ndi mvula ya chaka chimodzi.

Munga wachiwiri ndi kusowa kwa ziwerengero. M'mitsinje yambiri, zitsulo zoyezera msinkhu wa madzi zidakokoloka, zidakwiririka ndi mchenga kapena zidabedwa. Wophunzira akapita kukapempha mbiri ya mtsinje, amapeza zaka zina zilipo, zina palibe. Amayamba kudalira zithunzi za setilaiti ndi kompyuta. Zimathandiza, koma kompyuta imabweza zimene waidyetsa.

Wachitatu ndi wopweteka kwambiri. Buku likatha, lalembedwa m'Chingerezi chozama, limakutidwa bwino n'kukaikidwa mulaibulale. Alimi amene adapereka nthawi yawo kuyankha mafunso samvanso kanthu. Mlangizi wa m'deralo saliona. Khansala sadziwa n'komwe kuti lilipo. Chaka chinacho kumabweranso wophunzira wina ndi mafunso omwewo, ndipo anthu amayamba kutopa nawo.

Wachinayi ndi ntchito. Womaliza maphunziro amapeza kontilakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri kubungwe, ikatha ayambenso kusaka. M'makhonsolo, kumene nzeru zake zikufunika kwambiri, mipando ina imakhala yopanda anthu, ndipo amene alipo amasowa ngakhale mafuta oyendera. Ena amapita kunja kukachita digiri yachitatu, osabweranso. Sitingawadzudzule. Koma dziko limene lawaphunzitsa kuyambira sitandade 1 limatsala chimanjamanja.

Ntchito ikudikira

Chikhalirecho, ntchito yofuna anthu oterewa ikungochuluka.

Kuchigwa cha Shire akukumba ngalande yaikulu yochokera pa Kapichira, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Kuthirira m'dera lotentha chonchija kuli ndi msampha wake: madzi akapanda kukhala ndi potulukira, mchere umakwera pamwamba, munda n'kufa. Pafunika anthu oyeza dothi limenelo chaka ndi chaka.

Pali ntchito yopopa madzi kuchokera kunyanja ku Salima kupita ku Lilongwe. Pali dongosolo lomanga damu la magetsi la Mpatamanga, limene lidzamwe madzi a Shire yemweyo ndi matope ake omwe. Dziko lino lidalonjezanso kubwezeretsa chonde ndi mitengo pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Kudzala mbande ndi kosavuta, timachita chaka chilichonse. Wobwerera kukawerenga imene yaphuka ndiye amasowa.

Malamulo a malo a 2016, amene adakonzedwanso mu 2022, adatsegula njira yoti mabanja alembetse malo a makolo, kudzera m'makomiti a kumudzi mmene amayi ayenera kukhalamo. Kulembetsa kumafuna oyeza malire, ojambula mapu, ndi anthu omvetsa kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa, kuti pepala lisalande munda kwa mayi wamasiye amene mwambo unkamuteteza.

Zonsezi tikapanda kukhala ndi anthu athu, tidzalemba ntchito akadaulo akunja, kuwalipira ndi ngongole, ndipo akadzanyamuka adzapita ndi makope awo.

Chofunika kuchita si chachilendo. Mabungwe amene amadya za mtsinje, monga opanga magetsi, ogulitsa madzi ndi makampani a shuga, atha kulipirira ophunzira angapo chaka chilichonse kuti afufuze mavuto a mitsinje imene imawadyetsayo. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi yovuulira matope.

Makhonsolo atha kulemba mafunso amene akuwasowetsa tulo n'kuwapereka kumayunivesite, kuti wophunzira asamasake mutu wa kafukufuku pa intaneti pamene boma la kwawo lili ndi zigwembe zodula misewu.

Mayunivesite nawo atha kuika lamulo loti munthu asavale mkanjo asanabwerere kumudzi kumene adafufuza, kukaima pabwalo la amfumu, n'kufotokoza zimene wapeza m'chiyankhulo cha eni dera. Akalephera kuyankha mafunso a pabwalopo, ndiye kuti funso lake sadalimalize.

Ndipo boma likonze zoyezera za m'mitsinje, n'kumalipira mokhulupirika anthu amene amaziwerenga m'mawa uliwonse. Popanda makope a anthu amenewo, ngakhale pulofesa amangolota.

Kwa wachinyamata amene ali ndi digiri yoyamba ya ulimi, uinjiniya, jogalafe kapena zachilengedwe, ndipo akudzifunsa ngati kupitiriza kuli ndi phindu, yankho ndi lakuti inde, koma alowe akudziwa. Si njira yolemerera msanga. Adzayenda m'matope, adzadikira mvula imene siibwera, adzakangana ndi anthu amphamvu ofuna kumanga m'dambo.

Anthu akuchuluka, malo sakukula, mvula yasintha makhalidwe. M'zaka zikubwerazi wina adzayenera kugamula kuti madzi a mu Shire apite ku magetsi, ku nzimbe, kumipopi kapena kumadimba, ndipo aliyense alandire ochuluka bwanji. Chigamulocho chidzapangidwa ndithu, kaya tili ndi odziwa kapena tilibe. Tiwaphunzitse lero, tiwapatse ntchito, ndipo akayankhula tiwamvere.